Bere Lidagona ku Ntcheu

Ulendo wa ku Limbe sindidachite kuupempha. Adandisankha ndi abwana anga pa loji imene ndimagwirapo ntchito yoperekera zakudya, m'munsi mwa phiri la Dedza, chifukwa pa antchito tonse ndine ndekha ndili ndi setifiketi ya ku koleji ya zamahotela. Adati kampani ina yoitanitsa vinyo kunja yaitana anthu a malo ogona alendo kuti akalawe mitundu yatsopano, yotchipa, yochokera m'maiko osiyanasiyana. Ine ndikalawe, ndikasankhe itatu yoti tizigulitsa. Ndidavomera ndikumwetulira. Ndikadati chiyani? Ndidali nditangobwerera kumene kuchokera ku tchuthi cha uchembere, ndipo mtsikana amene ankandigwirira malo adali asanachoke, ankangozungulirazungulira kukhitchini uku akusekerera abwana.

Chimene abwanawo sankadziwa n'choti ine vinyo ndidamuphunzira pa bolodi pokha. Tambula yake ndimaidziwa, mbali yoimira pothira ndimaidziwa, koma pakamwa panga adali asanafikepo. Kwathu ku Mphunzi tinkangomuonera patali, ansembe akumwa pa guwa.

Ndiye kunyumba kudali Tiyamike, mwana wanga wa miyezi isanu, amene chibadwire sadalaweko china chilichonse koma bere.

Ine ndili pa chitengwa, kuseri kwa phiri, kwa amuna anga amene amacheka matabwa. Pa bwalo lathu mawu omaliza ndi a apongozi anga, mayi a chigwirizano ku tchalitchi, amene mowa safuna ndi kuuona komwe. Nditawafotokozera za ulendowo ankasankha nyemba pa lichero, ndipo sadakweze mutu.

"Mwana ku mowa sapita," adatero. "Mumusiye, ana ndalera ambiri, mmodziyu sangandikanike. Koma amake Tiya, mumve bwino. Mubwere tsiku lomwelo. Bere likagona kutali ndi mwana limasasa. Mukakagona konko, ndiye kuti mwanayu waleka kuyamwa basi. Sindingalole kuti mumutsegule m'mimba ine ndikuona."

"Amayi, ku sikelo anatiuza kuti mkaka sungasase uli m'thupi…"

"Ku sikelo anakuuzani. Ine ndinasambitsa maliro a mwana wa mng'ono wanga."

Ndidayang'ana abambo a Tiya. Iwo ankayang'ana chingwe cha nsapato yawo.

Ndinene zoona pano, chifukwa ndi zimene zandivutitsa. Ndidapita kusukulu, ndipo mutu wanga umadziwa kuti anamwino amanena zoona. Koma zimene mutu umadziwazo sizidatsikepo kufika m'mimba. M'mimba mwanga mumakhulupirira apongozi.

M'mamawa wa tsikulo ndidamuyamwitsa Tiya mpaka adagona bere lili kukamwa. Mkaka wina ndidafinyira m'kapu ya chivundikiro monga adatiphunzitsira. Apongozi adailandira kapuyo ndi nsonga za zala, n'kuiika pawindo, ndipo ndidadziwiratu kuti amwa ndi galu. Wa kabaza adanditula pa boma kukuzizirabe. Basi yaikulu imene abwana adandilipirira idafika bwinobwino, ya mipando yofewa, ndipo abwana adali atandilipiriranso yobwerera, yonyamuka ku Blantyre masana. Za popita ndilibe zambiri. Pa Lizulu amayi adathamangira mawindo ndi mabeseni a kaloti ndi kachewere, pa Ntcheu tidakweza asisitere awiri, pa Zalewa ndidavula juzi. Tikamadutsa pa Lunzu m'chifuwa mudali mutayamba kulemera, koma ndidadziuza kuti masana si kale.

Malo olawirako vinyowo adali nyumba yaitali yosungiramo katundu, makatoni mpaka kudenga, pakati ataika tebulo la nsalu yoyera. Anthu a mahotela akuluakulu adabwera ndi majekete, akudziwana maina, akuseka zinthu zimene ine sindinkazimvetsa. Wotilandira adali bambo Chirwa, munthu wa imvi, msinkhu wa bambo anga ondibereka, wofatsa ngati katekisiti. Patsogolo pa aliyense padali tambula ndi kandowa kakang'ono kowala.

"Zophweka izi," adatero. "Muzungulize, mununkhize, mulawe, mulavulire umu. Kenako mukweze zala. Chala chimodzi ngati simungamupatse ngakhale mdani wanu, zisanu ngati mungamugulire apongozi anu."

Onse adaseka. Ine nditamva za apongozi ndidangoyang'ana m'tambula yanga.

Za kulavulazo ndidaziwerenga ku koleji, zidabweranso pa mayeso ndipo ndidakhoza. Koma pa mayeso sipadali bambo wa imvi akukuthirira ndi manja ake awiri, n'kuima patsogolo pako kukuyang'ana. Kwathu wamkulu akakupatsa chakumwa, ngakhale likhale thobwa losasa, umagwada, umameza, umathokoza. Kulavula pamaso pake ndi kumutukwana. Mayi wina wa wigi amene adali pambali panga adalavula mwamphamvu ngati agogo a fodya wa pakamwa, osachita manyazi n'komwe. Ine ndidasunga vinyoyo m'masaya, ndikudikira kuti bambo Chirwa apite kwa wina. Iwo sadasunthe, ankadikira zala zanga. Ndidameza.

Ndidadziuza kuti ndi woyamba yekhayu.

Woyambayo adali wa ku Portugal, woyera, wonunkhira ngati khungu la ndimu, wobaya lilime pang'ono ngati muli timinga ting'onoting'ono. Ndidakweza zala zitatu. Wachiwiri, wa ku South Africa, adandidabwitsa: fungo lake lidali la magwafa okupsa amene agwera pansi, koma pakamwa sadali wotsekemera monga mphuno idalonjezera. Zinayi. Padabwera wina wofiirira ngati madzi otsukira nyemba, wotsekemera ngati juwisi wa ana, ndidamupatsa ziwiri. Kenako wa ku Chile, wofiira. Nditangoika mphuno ndidamva jekete ya abambo a Tiya akamachokera kocheka matabwa a paini kutagwa mvula, ndipo pansi pake tsabola wobiriwira wongodula kumene. Ameneyo ndidameza osadziimba mlandu. Zala zonse zisanu.

Wa ku Argentina adali wakuda ngati inki, ndipo adandiumitsa lilime ngati ndatafuna nthochi yosapsa. Ndidakweza ziwiri. Poyang'ana uku ndi uku, a majekete onse akweza zisanu. Ndidatambasula zala zotsalazo msangamsanga.

"Ayi mayi a ku Dedza," adaseka bambo Chirwa, "bwezani. Zala zoyamba zija ndi zimene ndikufuna. Awa akukweza chifukwa akudziwa dzina lake."

Mawu amenewo adandisangalatsa kwambiri moti wotsatirayo, wa ku Spain, wowawasa ngati chidede, ndidamumezanso mothokoza. M'mimba mudalibe kanthu chichokereni ku Dedza. Wa ku Italy ndi wa ku Australia ndimangowakumbukira ngati anthu amene ndidadutsana nawo pamsika. Ndikukumbukira kuti tebulo lidayamba kutsetsereka kulowera kumanzere, ndipo mayi wa wigi uja adasuzumira m'kandowa kanga.

"Asisi, ndowa yanu yauma bwanji? Mwameza onsewa?"

Adandikhazika pa katoni kuseri kwa chitseko, adandipatsa madzi ndi banzi. Ndidati nditseke maso pang'ono kuti nyumba isiye kuzungulira. Podzidzimuka, tebulo atachotsa, mtsikana akukolopa, dzuwa litapendeka kale. Basi yanga idali itapita. Bambo Chirwa adandipatsa chikwama cha mabotolo atatu amene ndidawakonda aja kuti ndikawaonetse abwana, adandiyamikira kuti ndili ndi lilime labwino, ndipo ine ndidagwada n'kuthokoza. Ndi panja pa geti pamene ndidakumbukira chinanso: kuti chimene mayi wamwa, mwana amamwanso.

Ku depoti ndidapeza minibasi yolembedwa Lilongwe, yooneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Ndidakwera mothamanga. Ndidakhala, ndidakhala. Kenako ndidaona kuti anthu ena amene adakhala m'mipando ankatsika mmodzimmodzi wokwera weniweni akabwera, n'kukakhala m'minibasi ina.

"Akondakitala, tinyamuka liti?"

"Pompano, mayi. Awiri okha."

"Munatero kalekale."

"Awiri aja anabwera, koma atatu atsika. Ine nditani?"

Pambali panga padakhala mayi wamkulu thupi, wa mpango wa buluu, atapinda matumba opanda kanthu pamiyendo. Adati ndi aNachisale a ku Ntcheu, amabweretsa kabichi ku msika wa Limbe. Iwo sankafunsa za nthawi. Adatulutsa chimanga chootcha n'kuyamba kukonola modekha ngati munthu amene wafika kale.

Titanyamuka, sitidalunjike msewu wa Lilongwe. Tidayamba kusaka mafuta. Malo oyamba padalibe, achiwiri padali mzere wa magalimoto wofika kumlatho. Pa Lunzu adalaivala adakhota kuseri kwa masitolo, kudatulukira anthu ndi zigubu, ndipo kondakitala adatitembenukira.

"Makolo, mafuta a m'chigubu ndi odula. Aliyense aonjezereko kangachepe."

Anthu adalalata, adatukwana, bambo wina adati atsika, koma tonse tidaonjezera. Ine ndidali woyamba kupereka. Akadati ndiwapatse nsapato ndikadavula.

Pa Mdeka tidaima kukweza matumba a makala. Pa Zalewa tidatsika tonse kuti apolisi aone katundu, n'kukweranso, aliyense akulimbirana mpando wake. Kutentha kwa kumeneko ife a ku Dedza sitikudziwa. Mabere adali atauma ngati maungu, ndipo bampu iliyonse inkandibaya mpaka m'khwapa. Tidadutsa Phalula. Ndidayamba kuwerengera m'mutu kuti tikapitiriza chonchi ndikafika mdima ukungoyamba, ndipo mdima wongoyamba si kugona.

Tisanafike pa Senzani injini idalira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga, kenako zii. Minibasi idayenda yokha pang'ono n'kuima pambali pa msewu.

"Lamba waduka," adatero adalaivala atasuzumira pansi pa mpando wawo. "Tsikani muongole miyendo, ndi zazing'ono."

"Zazing'ono za anthu awa zimabereka ndi zidzukulu zomwe," adatero aNachisale akutsika.

Kondakitala adabwereka njinga kwa munthu wodutsa n'kupita kukasaka lamba. Ife tidakhala m'mithunzi ya mitengo yopanda masamba. Ndidaima m'mphepete mwa phula ndikuimitsa chilichonse chodutsa. Mabasi aakulu ankadutsa ngati mphepo. Maminibasi adali odzaza, anthu mpaka pakhomo. Galimoto ina yoyera idachepetsa liwiro, mayi wa magalasi adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupitirira. Sindidamvetse chifukwa chake mpaka aNachisale adandikoka dzanja.

"Mwana wanga, funda chitenje. Bulauzi yanyowa yonse."

Adanditengera kuseri kwa mlambe waukulu, adatambasula chitenje chawo ndi manja awiri kuti anthu asaone, ndipo ine ndidagwada n'kuyamba kufinyira mkaka pafumbi. Unkatuluka mopweteka, timizere toyera tikugwera pa dothi lotentha n'kuuma pomwepo. Nyerere zidabwera. Ndidaganiza za mwana wanga akulilira chinthu chimene ine ndikudyetsa nyerere za pa Senzani, ndipo ndidalira mokweza ngati kamwana.

"Wa miyezi ingati?" adafunsa aNachisale kuseri kwa chitenjecho.

"Isanu."

"Wamusiyira ndani?"

"Apongozi. Akuti ndikagona kunja bere lisasa, sadzandilolanso kuyamwitsa."

Ndinkayembekeza kuti aseka. Mayi woyendayenda ngati ameneyu, wodziwa tauni, ndimati anena kuti n'zachikale. Sadaseke.

"Ena amatero," adatero. "Ena amati umangofinya woyambawo n'kutaya, n'kusambitsa bere ndi madzi ofunda. Wanga wachiwiri ndinamusiya nditapita ku maliro, ndinagona konko, pobwera ndinamuyamwitsa. Ali ku Joni pano, chimunthu chotere. Koma wa neba wanga…"

"Anatani?"

"Finya linalo."

Patapita kanthawi adanunkhiza m'mwamba. "Komanso iwe wamwa chiyani? Ukununkha ngati ansembe atatha misa."

Ndidawafotokozera zonse, za bambo Chirwa, za zala, za kandowa. Adaseka mpaka chitenje chidawapulumuka, ndidachita kubisa chifuwa ndi manja.

"Ndiye anthu akuikira ndowa, iwe n'kumameza chifukwa cha ulemu? Mayo ine, ulemu wa ku Dedza udzakupha! Maiko angati?"

"Sindikudziwa, amayi. Ndinasiyira ku Spain."

"Wayenda dziko lonse lapansi, koma pa Senzani pakukanika," adatero akupukuta misozi ya kuseka, kenako adandipukuta yanga ndi nsonga ya mpango wawo.

Ndidaimbira abambo a Tiya. Asanayankhule ndidamva kaye kulira, kulira kosasa mawu kwa mwana amene walira nthawi yaitali.

"Muli pati, amake Tiya?"

"Pa Senzani. Galimoto yafa."

"Senzani ndi kuti?"

"Kutali. Wadya?"

"Amayi anayesa kaphala, wakana konse."

"Nanga mkaka wa m'kapu uja?"

Chapatali ndidamva mawu a apongozi: "Muwauze kuti dzuwa likupita."

"Mwamva," adatero amuna anga motsitsa mawu. "Ingoyesetsani."

Kondakitala adabwera thukuta lili kamukamu, lamba ali m'khosi ngati mkanda. Adalaivala adamuyesa, adali wamkulu. Adatukwanizana za amene adanena saizi. Kondakitala adakweranso njinga. Mithunzi idatalika, ana ogulitsa malambe adabwera, adatiyang'ana, adapita. Bambo uja amene ankati atsika pa Lunzu adagona pa thumba la makala chipewa chili kumaso. Ine ndinkangoyenda, kuchoka pa minibasi kufika pa mlambe, kuchoka pa mlambe kufika pa minibasi, chikwama cha mabotolo chikulira ngwe ngwe ngwe m'manja, chifukwa ndinkaopa kuchisiya pansi.

Lamba wachiwiri adakwana mokakamiza. Tidanyamuka ngati tikuperekeza maliro, adalaivala akumvetsera injini khutu lili pansi. Manjawira, Chingeni, Kampepuza, paliponse ndinkayang'ana dzuwa kumanzere kwanga likutsikira ku mapiri. Titalowa pa Ntcheu adazimitsa galimoto.

"Mathero, makolo. Zitunda za kutsogoloku ndi lamba ameneyu sitingakwere. Tikugulitsani kwa anzathu."

Koma anzawowo padalibe. Pa siteji padali anthu ambirimbiri okhala pa zikwama, minibasi zonse zili pa mzere wa mafuta. Kondakitala adatibwezera kochepa, adalowa m'khamu, osaonekanso.

ANachisale adali atafika kwawo, koma sadandisiye. Adandigwira dzanja mpaka pa chiwaya cha tchipisi, pamene padaima lole ya feteleza. Dalaivala wake aNachisale ankawadziwa, a Ngozo, bambo wa ndevu zoyera m'mbali, amene adakhala pa benchi akudya.

"A Ngozo, mwanayu wasiya khanda ku Dedza. Mutengeni."

"Kampani imakaniza, mayi. Akandipeza ndi munthu kutsogolo, ntchito yatha."

Ndidagwada pafumbi pomwepo. Ndidatulutsa ndalama zonse zimene ndidatsala nazo, iwo adapukusa mutu. Kenako maso awo adagwera pa makosi a mabotolo amene adatulukira m'chikwama.

"Nanga awo ndi mankhwala?"

Ndidatulutsa wa ku Chile, wa zala zisanu uja, osaganiza n'komwe zoti ndikawauza chiyani abwana. Adamulandira, adawerenga pepala lake akuliika patali ndi maso.

"Chabwino. Nditsirize tchipisi tizipita."

Mabotolo otchipawa alibe chotsekera cha mtengo chofuna chotsegulira. Chivundikiro chake n'chongopotokola. Ku Limbe ndidaziyamikira zimenezo, ndidati zitithandiza ku loji. A Ngozo adapotokola.

"Kungonunkhiza," adatero.

Mwini chiwaya adabweretsa makapu awiri apulasitiki. Adathira pang'ono, adalawa, adakwinya nkhope.

"Akusowa shuga uyu."

"Iwe sudziwa kanthu," adatero a Ngozo. "Uyu ndi wa ulemu. Poyamba amakana, ukamufunsanso kachiwiri amavomera. Thira ndione."

"Pa teni ine ndimupatsa folo."

"Folo? Seveni uyu. Taona mmene akutsikira. Mayi, inu mumupatsa zingati?"

"Zonse," ndidayankha. "Abambo, dzuwa…"

"Tikupita, mayi, tikupita."

Ndidaima pamenepo ndikuona vinyo akutsika m'botolo, dzuwa likutsika kuseri kwa masitolo. Ndikadatha kulanda botololo. Ndikadatha kunena kuti abambo, mukuyendetsa galimoto, musamwe. Koma munthu amene wavomera kukuthandiza, wamkulu, mlendo, umamulanda bwanji chimene wamupatsa wekha? Ndidayang'ana aNachisale, iwo ankakangana ndi munthu wa matumba awo chakumbali. Pamene ankabwerera, a Ngozo adali atakweza malikisi kufika pa naini ndipo botolo lidali litatsala pansi penipeni.

Adaimirira, adayenda kufika pa lole, adagwira chitseko, adaponda chopondera, n'kutsikanso. Adakhala pansi pa tayala.

"Mayi," adatero, "ine sindinama. Chiyambireni ntchitoyi sindinagwetsepo galimoto. Makhotakhota a kutsogoloku, chonchi, ndi inu muli m'kati, ayi. Chile wanuyu ndi wachinyengo. Sapita kumutu, amapita ku mawondo. Tinyamuka m'mawa."

Sindidathe ngakhale kuwakwiyira. Ankanena zoona, ndipo mawondo amenewo ndidali nditawadziwa ndekha masana omwewo.

Ndidaimabe pamsewu mpaka nkhope za anthu zidasiya kuoneka. Palibe chidaima. Foni idathima ndili pakati pouza amuna anga. Za usiku umenewo sindinena zambiri: ndidagona pa mphasa kwa aNachisale, iwo akundithowa ndi kansalu ka madzi otentha, ine ndikufinyira m'beseni.

A Ngozo adasunga mawu awo. Kutacha adandikweza, ndipo pa Mlangeni adandipatsa nthochi. Pa boma ndidasiya mabotolo awiri otsalawo kwa alonda a pa loji, n'kukwera kabaza.

Ndidawapeza apongozi pakhonde, Tiya ali kumsana kwawo, maso awo ofiira ngati anga. Abambo a Tiya sadapite ku matabwa, adakhala pa mpando akukonza wailesi yosawonongeka. Mwana atangomva mawu anga adadzipinda chagada, kukamwa kuli yasa, koma mawu osatuluka, kungoti hii, hii. Milomo yake idali youma.

Ndidagwada. "Amayi, ndabwera. Galimoto inafa."

"Ndamva. Mwayenda bwanji?" Adamasula chitenje n'kundipatsa mwana. "Munyamuleni, ndi wanu. Koma bulauzi ikhale yotseka."

"Amayi, usiku wonse ndakhala ndikufinya. Umene ulimowu ndi watsopano, wa lero."

"Mphika ndi womwewo."

"Sanadye chilichonse chichokereni ine."

"Njala ikamupweteka adya phala. Onse amayamba ndi kukana." Adapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Mukuyesa ine ndagona? Mukuyesa ndikukondwa? Wa mng'ono wanga uja anayamwa m'mawa ngati uno, mayi ake atangofika. Sanathe sabata."

Za vinyo sindidanene. Ndinkaopa kuti mwina akadali m'magazi mwanga, ndipo mwina apongoziwa akukaniza chinthu choyenera pa chifukwa china. Tiya ankafufuza pa chifuwa panga ndi mphuno, akumenya ndi kamutu, ine ndikumutembenuzira kumbali. Mwana wanga yemwe, ndikumukaniza ndi manja anga.

Pomaliza abambo a Tiya adaika wailesi pansi. "Bwanji mukafunse kuchipatala? Anamwino akanena, tonse timvera."

"Tiyeni," adatero apongozi akumanga mpango. "Akanene pamaso panga. Akanenenso kuti mwanayu akadwala adzayankha ndi iwowo."

Chipatala chathu chaching'ono chili kutsidya kwa dambo, ulendo wapansi wotopetsa. Ndidabereka Tiya kumsana, ndidatsogola, apongozi pambuyo panga ngati msilikali woperekeza mkaidi. Kanjira kake n'kopapatiza, kodutsa pakati pa madimba a kachewere, koyenda munthu mmodzimmodzi. Ndinkangomva mapazi awo ndi kupuma kwawo, ndipo m'mutu ndinkapemphera kuti tikapeze anamwino alipo, asakhale atapita ku boma, asakhale aja achinyamata amene apongozi sawawerengera.

Tiya sadakhazikike kumsana. Adadzipotokola, adatsetsereka, chitenje chidalekerera, mpaka adafika m'khwapa mwanga monga amachitira tikakhala kumunda. Adapeza pamene bulauzi idanyowa n'kuyamba kuyamwa nsaluyo, akulira chamumtima. Sindinganame kuti zonse adachita yekha. Batani ndidamasula ndine.

Sindidaime, sindidacheuke. Ndidangoyendabe, dzanja lili pansi pa mutu wake. M'dambo monse mudali zii, moti kumeza kwake kunkamveka, gudyu, gudyu, gudyu, ngati munthu wamkulu akumwa pa chitsime. Kumbuyo kwanga mapazi aja adaima. Ndidadikira kukuwa, ndidadikira dzanja pa phewa. Ndidadutsa dimba limodzi lonse ndili ndekha, osadziwa ngati ndikupulumutsa mwana wanga kapena ndikumupha.

Kenako mapazi adayambanso, mofulumira, mpaka adandipeza.

"Chepetsani liwiro, amake Tiya," adatero apongozi. "Angatsamwe."

Ndidachepetsa. Tidayenda pang'ono, ndipo ndidawamvanso, motsitsa mawu, osati kwa ine:

"Ambuye, mwaona nokha kuti ine ndinakana."